Mabakiteriya a m'chigubu pa kapinga wa bwalo: zomwe ndaona nditapopera nyengo ziwiri

Ntchito yanga ndi yosamalira bwalo la mpira pamodzi ndi kapinga wozungulira nyumba zosinthira zovala, ndipo pa matenda onse amene amagwira kapinga, amene andisowetsa mtendere zaka zambiri ndi aja amatchedwa dollar spot. Amene mumadzuka m'mamawa kukayendera kapinga mame asanakamuke mukuwadziwa. Umaona timalo toyera ngati thonje lomwazika pakati pa masamba. Wosazolowera amati ndi ukonde wa kangaude, koma ukonde wa kangaude umayala pamwamba mosalala, pamene izi zimamera kuchokera m'masamba enieniwo ndi kuwalumikiza limodzi. Dzuwa likakwera ulusiwo umazimirira, n'kutsala kachigamba kotuwa ngati udzu wouma. Pa kapinga wometedwa mpaka pansi, kachigambako kamakula ngati ndalama yachitsulo ya dola, ndipo dzina la matendawa linachokera pomwepo. Pa bwalo la mpira, pomwe timasiya udzu wotalikirapo, chigamba chimafika kukula kwa chikhatho, ndipo zikachuluka zimakumana n'kupanga dazi lalikulu. Mukathyola tsamba limodzi m'mphepete mwa chigambacho mudzaona lamba wotuwa wodutsa tsamba lonse, wokhala ndi mzere wofiirira m'mwamba ndi m'munsi. Mukaona lamba ameneyo, musakayikenso.

Fangasi woyambitsa matendawa ankadziwika ndi dzina lakuti Sclerotinia homoeocarpa kuyambira mu 1937, kufikira mu 2018 pamene akatswiri anamusamutsira ku mtundu watsopano wotchedwa Clarireedia. Ndatchula zimenezi chifukwa zigubu zina za mankhwala zikadali ndi dzina lakale, zina zili ndi latsopano, ndipo munthu ungaganize kuti ndi matenda awiri. Fangasiyu amakonda kutentha kwa pakati pa madigiri 15 ndi 30, usiku wa mame ambiri, ndi kapinga wanjala amene akuperewera nayitirojeni.

Zaka zonsezi ndinkadalira mankhwala opha fangasi, makamaka propiconazole, nthawi zina chlorothalonil. Zinthu ziwiri zinandichititsa kufuna njira ina. Choyamba, ndinaona kuti masiku amene kapinga amakhala woyera ndikapopera propiconazole akunka nachepa. Izi si zachilendo: fangasi wa dollar spot amadziwika bwino kuti amazolowera mankhwala, ndipo anayamba kupirira mankhwala ena otchedwa benomyl kale m'zaka za m'ma 1970. Chachiwiri ndi ana. Bwalo lathu limadzaza ndi ana masana alionse, amagwa, amagubuduzika, ena amatafuna udzu akupuma. Tsiku lililonse lopopera ndinkatseka bwalo, koma mtima sunkakhala m'malo. Nditamva kuti mayiko a mu European Union analetsa chlorothalonil mu 2019, ndinati ndi bwino ndiphunzire njira ina nthawi ikadalipo.

Choncho ndinagula chigubu cha mankhwala amadzi okhala ndi mabakiteriya amoyo a mtundu wa Bacillus subtilis. Ukatsegula chigubu umapeza madzi abulauni olemerera, okhala ndi kafungo kowawasa koma kosapweteka mutu. Akakhala masiku angapo osagwedezeka, pansi pamakhala matope, ndipo matopewo ndiwo mankhwala enieniwo. Pa chigubu panalembedwa kuti mu galamu imodzi muli mabakiteriya amoyo osachepera biliyoni imodzi.

Funso loyamba limene mnzanga wa pa ntchito anandifunsa linali lakuti, chamoyo chingakhale bwanji m'chigubu chotseka miyezi yambiri osafa? Yankho lake ndi limene linandikopa. Bacillus subtilis ndi bakiteriya wa m'nthaka wodziwika kuyambira kale. Ferdinand Cohn ndiye anamupatsa dzinali mu 1872, ndipo akale ankamupeza mosavuta m'madzi onyikamo udzu wouma. Zinthu zikamuvuta, monga kusowa chakudya kapena madzi, amadzikulunga m'kachikopa kolimba n'kugona ngati njere. Ali m'tulo chotero amapirira kuuma ndi kutentha. Zimene zili m'chigubu zambiri ndi tinjere togonato. Tikagwera pa tsamba lonyowa kapena pafupi ndi mizu, timadzuka n'kuyamba kuswana. Ichi n'chifukwa chake mankhwala ambiri a mtunduwu amagwiritsa ntchito Bacillus, pamene Pseudomonas, amenenso amalimbana ndi fangasi, sapanga tinjere totere ndipo ndi wovuta kusunga.

Momwe amagwirira ntchito ndiye mtima wa nkhani yonse, chifukwa ukamvetsa apa sukhumudwa pambuyo pake. Bakiteriyayu amatulutsa timadzi take, todziwika kwambiri ndi iturin, fengycin ndi surfactin. Tiwiri toyambato timaboola kachikopa ka maselo a fangasi, ulusi wake n'kulephera kukula. Surfactin amathandiza bakiteriya kuyala ndi kumamatira pa tsamba ndi pa mizu. Kuwonjezera apo, mabakiteriya akachuluka pamalo amadya zakudya zimene fangasi akanadya, monga timadzi totsekemera timene kapinga amatulutsa pa nsonga za masamba ometedwa. Ndiponso mizu ikazindikira kuti pali bakiteriya wotereyu, chomera chonse chimakhala ngati chachenjezedwa, chitetezo chake n'kukhala tcheru. Taonani kuti zonsezi ndi ntchito za mlonda amene wafika wakuba asanalowe. Palibe ngakhale imodzi yomwe imalowa mkati mwa tsamba kukapha fangasi amene wakhazikika kale, ngati momwe propiconazole amachitira.

Nyengo yoyamba ndinalakwitsa pomwepa. Ndinadikira mpaka zigamba zitaoneka paliponse, ndiye n'kupopera. Patatha sabata, zigamba zakale zinali pomwepo ndipo zatsopano zinkabadwa. Ndinapoperanso, osaona kusintha kwenikweni, mpaka ndinabwerera ku mankhwala akale kuti ndipulumutse bwalo masewero akuluakulu asanafike. Ndikanalemba ndemanga nthawi imeneyo ndikanati ndi madzi chabe. Koma malangizo a pa chigubu ananena momveka kuti muyambe kupopera matenda asanaoneke, ndipo ine sindinatsatire.

Nyengo yachiwiri ndinachita mwadongosolo. Kuseri kwa golo la mbali imodzi kuli malo amene mpanda wa mitengo umatchinga dzuwa la m'mawa, mame amachedwa kuuma, ndipo chaka chilichonse matenda amayambira pamenepo. Ndinagawa malowo m'mizere itatu ndi zikhomo ndi chingwe. Mzere woyamba ndinaupopera mabakiteriya okha. Wachiwiri mankhwala a kale. Wachitatu ndinausiya osapopera chilichonse, ndipo ndikupemphani nanu muzisiya kamalo kotere mukamayesa mankhwala alionse, chifukwa popanda iko simungadziwe ngati kapinga wakhala bwino chifukwa cha mankhwala kapena chifukwa choti chaka chimenecho matenda anali ochepa. Bwalo lonse lotsala ndinaliika pa mabakiteriya.

Ndinayamba kupopera masabata awiri isanafike nthawi imene matenda amaoneka. Kuti ndidziwe nthawiyo ndinadalira kabuku kanga ka zaka zapitazo komanso njira yowerengera yotchedwa Smith-Kerns, imene imatenga chinyezi cha mu mpweya ndi kutentha kwa masiku asanu apitawo n'kukuuza mpata woti matenda abuke. Ikafika pa 20 peresenti, ndiye kuti nthawi yoteteza yakwana. Njirayi inapangidwira udzu wa bentgrass wa m'mabwalo a gofu, osati kapinga ngati wanga, choncho ndimaitenga ngati belu lochenjeza basi. Ndinkapopera masiku 14 alionse, ndipo mame akachuluka masiku 7 alionse. Nthawi yopopera inali chisisira, dzuwa litapendeka, chifukwa dzuwa lamphamvu limawononga mabakiteriya amene ali pamtunda pa tsamba, pamene usiku wonyowa umawapatsa mpata wodzuka ndi kukhazikika. Tsiku lotsatira sindinkatchetcha, kuopa kuchotsa masamba amene ndangowapopera.

Zotsatira zake zinandisangalatsa, ngakhale sizinali zodabwitsa. Matenda atayamba, mzere wosapopera unadzaza zigamba ngati nthawi zonse. Mzere wa mankhwala a kale unali woyera pafupifupi wonse. Mzere wa mabakiteriya unali pakati, koma pafupi ndi woyerawo kusiyana ndi wodwalawo: zigamba zinalipo, koma zochepa, zazing'ono, zosakumana, ndipo zinkatsekeka msanga. Munthu woima pa mzere wa m'mbali mwa bwalo sakanaziona, umayenera kuwerama. Pa bwalo la mpira zimenezi n'zokwanira. Mpira sugunda kachigamba kakang'ono n'kusintha njira. Koma amene mumasamalira malo ometa kwambiri monga pomwe amagwetsera mpira wa gofu m'dzenje, pamene kadzenje kamodzi ka matenda kamakhotetsa mpira, ndikukayika ngati mabakiteriya okha angakukhutiritseni.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti nyengo yomweyo ndinasinthanso zinthu zina, ndipo ndikukhulupirira kuti popanda izo mabakiteriya sakanaoneka mphamvu. Ndinayamba kuchotsa mame m'mamawa. Awiri timagwira paipi yaitali yothirira, wina uku wina uko, n'kuikoka pa bwalo lonse. Mame amagwera pansi ndipo masamba amauma maola angapo msanga. Fangasi amafuna tsamba likhale lonyowa nthawi yaitali kuti alowe, ndiye ukadula maolawo wamudula miyendo. Ndinasiya kuthirira madzulo, n'kumathirira m'bandakucha, madzi ambiri koma mwa apo ndi apo. Ndinayambanso kupereka nayitirojeni pang'onopang'ono kawirikawiri m'malo mothira wambiri kamodzi. Ndinanoletsa mipeni ya makina otchetchera, chifukwa mpeni wobuntha umang'amba tsamba m'malo molidula, ndipo bala long'ambika ndi khomo lotseguka. Zonsezi ndinazichita m'mizere itatu yonse mofanana, kotero kusiyana komwe ndinaona pakati pa mzere wosapopera ndi wa mabakiteriya kunachokeradi ku mabakiteriya. Komabe ngakhale mzere wosapoperawo unali bwinoko kuposa zaka zam'mbuyo, zomwe zinandiuza kuti paipi ndi feteleza zinagwira gawo lalikulu.

Kenako kunabwera sabata imene mvula inagwa masiku otsatizana, kukutentha, usiku wosazizira, mpweya uli chinyezi chokhachokha. Apa mabakiteriya anagonja. Zigamba za dollar spot zinachuluka m'masiku ochepa, ndipo pakati pa bwalo, pomwe madzi amachedwa kulowa pansi, panabuka matenda ena a zigamba zikuluzikulu zozungulira, aja oyambitsidwa ndi Rhizoctonia solani. Ndikakoka tsamba linkazuka mosavuta, tsinde lake litaola. Dzina la fangasi ameneyu linali pa mndandanda wa pa chigubu, koma ine sindinaone kuti mankhwalawa anamubweza. Sindinazengereze: ndinapopera mankhwala opha fangasi kamodzi, ndinaboola nthaka pamalo olowa madziwo, ndipo patatha masiku ndinabwerera ku mabakiteriya. Nyengo yonseyo mankhwala amphamvu ndinapopera kawiri kokha pa bwalo lonse, pamene kale ndinkapopera pafupifupi mwezi uliwonse wa nyengo ya matenda. Kwa ine phindu lenileni la chigubuchi ndi limeneli. Fangasi amene akukumana ndi propiconazole kawiri pa nyengo sazolowera msanga ngati amene akukumana naye mwezi ndi mwezi. Bungwe la FRAC, limene limagawa mankhwala a fangasi m'magulu malinga ndi momwe amagwirira ntchito, limaika Bacillus m'gulu la BM02, la zamoyo zimene zimamenya fangasi m'njira zingapo nthawi imodzi, ndipo n'kovuta kuti fangasi apeze pothawira ku njira zonsezo.

Zodandaula zilipo. Chachikulu ndi ntchito. Kupopera bwalo lonse sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse kumadya nthawi ndi mphamvu, ndipo ukaphonya kamodzi pa nthawi yovuta, zimaoneka. Ngati muli nokha ndi mpope wa kumsana pa malo aakulu, ganizirani bwino musanayambe. Chachiwiri ndi matope aja. Tsiku lina ndinathira m'thanki ndisanagwedeze mokwanira, ndipo kasefa ka mpope kanatsekeka katatu ndisanamalize theka la bwalo. Tsopano ndimagwedeza chigubu mpaka pansi pasatsale kanthu, ndimayamba ndasungunula m'ndowa ya madzi, kenako n'kuthira m'thanki yodzaza theka, ndipo ndikamayenda ndimagwedezabe. Zosakaniza ndimazimaliza tsiku lomwelo, sindigoneka m'thanki. Chachitatu ndi mndandanda wa matenda wa pa chigubu, umene ndi wautali kwambiri moti munthu watsopano angaganize kuti wagula mankhwala a chilichonse. Mawu akuti amachepetsa ndi akuti amathetsa sali ofanana, ndipo ndikanakonda opanga akanalemba kusiyana kumeneku ndi zilembo zazikulu kutsogolo.

Za kasungidwe, ndimaika chigubu m'chipinda chozizira, chopanda dzuwa, chotsekedwa bwino, ndipo ndimayang'ana tsiku lothera ntchito ndisanagule. Tinjere tija n'tolimba, koma chigubu chimene chakhala pa dzuwa m'galimoto kapena pa windo sindingachikhulupirire. Thanki ndimaitsuka bwino ngati munali mankhwala ena, makamaka opha mabakiteriya, ndipo madzi onunkha klorini kwambiri ndimawasiya m'ndowa yotsegula usiku umodzi ndisanawagwiritse ntchito.

Chinthu china chimene anthu amachinyozera: poti ndi zachilengedwe, ena amapopera opanda chodzitetezera. Musatero. Malangizo enieniwo amanena kuti kupuma nkhungu ya mankhwala okhala ndi tizamoyo mobwerezabwereza kungachititse thupi kuyamba kudana nawo. Ine ndimavala magolovesi ndi chotchinga pakamwa ndi pamphuno nthawi zonse. Koma mtima wanga umakhala pansi ndikaona ana akulowa m'bwalo mawa lake masana, kapinga atauma, popanda fungo lija lomwe linkatsalira masiku awiri.

Mukapita kukagula, musayang'ane dzina lalikulu la pa chigubu lokha. Tembenuzani muwerenge pomwe alemba chomwe chili mkati. Pazikhala dzina la bakiteriya, nambala ya mtundu wake weniweni, ndi kuchuluka kwa amoyo pa galamu kapena pa mililita. Nambala ya mtundu ndi yofunika chifukwa Bacillus subtilis ali m'nthaka iliyonse, koma si onse amene amatulutsa timadzi topha fangasi mochuluka. Mitundu monga QST 713 ndi GB03 inasankhidwa ndi kuyesedwa. QST 713 analembetsedwa ku United States mu 2000. Musadabwe mukapeza mitundu yomweyi ikutchedwa Bacillus amyloliquefaciens kapena Bacillus velezensis, chifukwa akatswiri atapima bwino chibadwa chake anaisintha maina. Nambala ndiyo imakhala yosasintha. Palinso mankhwala a kapinga okhala ndi Bacillus licheniformis, ena ndi Streptomyces lydicus, ena ndi Trichoderma amene ndi fangasi wodya fangasi mnzake. Amenewo sindinawayese pa bwalo langa. Chigubu chongolemba kuti muli tizamoyo tothandiza nthaka, popanda dzina, nambala kapena chiwerengero, ine sindingachigule ngati cholinga ndi kulimbana ndi matenda.

Ndiye kodi ndingawalimbikitse kwa ndani? Kwa osamalira mabwalo a masukulu ndi a mpira, ndi eni kapinga wa pakhomo amene ali ndi ana ndi ziweto, amene angapirire kachigamba apa ndi apo ndipo ali okonzeka kuyamba msanga ndi kusaphonya, ndikuti yesani. Kwa amene kapinga wadwala kale kwambiri lero ndipo mukufuna achire sabata ino, chigubuchi sichikuthandizani. Zimitsani motowo ndi mankhwala oyenera, dyetsani kapinga, konzani kathiriridwe, ndipo mabakiteriya mudzayambe nawo nyengo ikubwerayi. Kwa amene kapinga wanu ali pa mthunzi wandiweyani kapena pa nthaka yosunga madzi, yambani mwadula nthambi ndi kutsegula ngalande.

Ine ndagula kale chigubu cha nyengo yachitatu. Zikhomo kuseri kwa golo sindinazizule. Ulendo uno ndiwonjezera mzere wachinayi, pomwe ndidzasinthanitsa mabakiteriya ndi feteleza wa ayironi wotchedwa ferrous sulphate, amene osamalira mabwalo ambiri amamugwiritsa ntchito pochepetsa dollar spot, kuti ndione ngati ziwirizi pamodzi zingandifikitse kumapeto kwa nyengo nditapopera mankhwala amphamvu kamodzi kokha.